Timapiritsi Tapinki ndi Msana wa Amuna Anga

Amuna anga anayamba kudandaula msana chaka chimene tinawonjezera munda wa mpunga ku sikimu ya ku Hara. Kuwokera mpunga n'kuwerama m'madzi tsiku lonse, ndipo iwo sankafuna kumva za aganyu. Tsiku lina pochokera ku Uliwa anabwera ndi timapiritsi tapinki tochotsa ululu. Anamwa tiwiri, m'mawa mwake n'kudzuka ngati mnyamata.

Kuyambira pamenepo ankamwa m'mawa uliwonse asanalawe kanthu, ululu ukabwerera masana n'kumwanso. Mwini golosale imene ankagulako timapiritsito, Myao wa ku Mangochi, anandiuza ndikugula sopo kuti, "Mayi, auzeni bambo aziyamba adya. Mankhwala amenewa amakanda m'mimba."

Nditawauza amuna anga anangoseka. "Yayi, nili makora," anandiyankha m'Chitumbuka, kuti ali bwinobwino.

Kenaka chakudya chinayamba kuwakhala pachifuwa. Akangodya nthochi zophika pang'ono ankati akhuta, ndipo madzulo ankageya fungo la zimene anadya m'mawa, ngati sizinatsike n'komwe. Ankagwira pansi pa chifuwa kuti pakuwotcha, ululu umenewonso n'kumauthamangitsa ndi timapiritsi tomweto. Ndinatibisa, anakagula tina. Ndinawadandaulira, ndinaitana achimwene awo kuti awalankhule, koma sizinathandize.

Tsiku lina tikumweta mpunga, dzuwa lili pamutu, anakhala pansi m'mbali mwa ngalande. Anasanza zakuda ngati matope, kenaka magazi enieni. Milomo yawo inayera. Ndinathamangira kumsewu n'kuimitsa njinga yamoto, tinawakhazika pakati, ine kumbuyo nditawamangirira kwa woyendetsa ndi chitenje changa. Mutu unkangogwera paphewa panga.

"Musagone, dada," ndinkatero. "Tchulani mayina a ana athu." Anatchula woyamba yekha.

Kuchipatala adokotala anandifunsa zimene akhala akumwa, ndinawaonetsa timapiritsi totsala m'thumba la malaya awo.

"Mankhwala awa amachepetsa zoterera zimene zimateteza chifu," anatero. "Ndiye asidi wawotcha mpaka kufika pamtsempha. Chilondacho chili pamene chakudya chimatulukira m'chifu ndipo patupa, n'chifukwa chake chakudya chimachedwa kutsika."

Panafunika magazi, achimwene awo anapereka. Ine ndinakhala pakhonde, matope a m'munda akuumira m'miyendo.

Anatuluka ali moyo, koma owonda, ndipo mpunga wotsala m'munda mbalame zinali zitadya. Chifu chikupola. Msana ndi umene sunasinthe. Mankhwala ofatsa amene anawapatsa sawagwira, moti amagona pamkeka akubuula, osatha ngakhale kumanga zingwe za nsapato.

Nyengo yowokera yafikanso. Dzulo anandigwira dzanja ndikunyamuka.

"Kamodzi kokha, mama. Ndimwe tapinki tija nditadya, ndikuthandizeni kumunda."

Ndinakana. Anatembenukira kukhoma, ine ndinatenga khasu n'kupita ndekha, ndikulira njira yonse.