Thamanda la a Zvane

Achimwene anga a Zvane anabadwa ndi ulesi wamtundu wake. Amuna anzawo akamadulira mphesa, iwo unkawapeza ali chafufumimba m'mphepete mwa thamanda la kumunsi kwa mudzi, chipewa chili pankhongo, maso ali m'madzi. Kukwatira sanakwatire. Nanga ndani akanalola? Ndinawasunga ndine, mlongo wawo Fuma, zaka makumi anayi, kuwalalatira tsiku ndi tsiku.

Chimene ankayang'ana ndi timabuluzi ta m'madzi tija timati vodenjak, totalika ngati chala. Ndi iwo anandiuza, ine ndisakufuna n'kumva komwe, kuti nyengo yozizira yonse timagona pansi pa miyala ya mipanda, ndipo mvula ya Malichi ikagwa timatsikira kuthamanda komwe tinabadwira. Kamphongo kamamera tsumba kumsana, mimba n'kufiira ngati lalanje, n'kumakupiza mchira pamaso pa kakazi.

"Taona, Fuma, akufunsira mbeta."

"Bola iyeyo akuyesako," ndinkatero.

Tsiku lina anandikoka mkono mpaka ndinagwada. Madzi anali zii, mitambo ikuyenda pansi pathu, ndipo pakati pa mitamboyo kakazi kanagwira tsamba ndi miyendo yakumbuyo, kuikirapo dzira limodzi, n'kulipinda tsambalo pang'onopang'ono monga mayi athu ankakulungira tchizi m'nsalu. Kenaka tsamba lina, dzira lina. Kanalibe changu ngakhale pang'ono. Nyemba zanga zinapserera pamoto tsiku limenelo, ndipo sindinadandaule.

Thamanda lathu si kasupe ayi. Nthaka ya kuno ndi miyala yobookabooka, madzi sakhalitsa. Chimene chimawasunga ndi dongo la pansi, ndipo dongolo limalimba ndi ziboda za ng'ombe: zikamabwera kudzamwa zimaponda, ming'alu n'kutsekeka. Koma anthu anathawira kumizinda ya Pula ndi Trieste, makola anatsala pululu, m'mudzi monse inatsala ng'ombe yathu yokha, Legra. A Zvane, munthu wosatha kukhoma ngakhale msomali, ankaizunguliza m'matopemo m'mawa uliwonse akuiimbira nyimbo za paukwati. Ntchito yawo padziko inali imeneyo basi.

Legra itafa ndi ukalamba, anavula nsapato n'kuyamba kuponda okha. Nkhalamba yowonda ngati ndodo! Dongo lake liti lingamve? Ndinkawaona ndili pazenera akuzungulira, manja kumbuyo, buluku atapinda, akuimbabe.

Malichi atafika timabuluzi tinabwera ndithu, tinaikira. Koma pofika Julayi madzi ankatsika chala chimodzi patsiku, mvula osagwa. Tiana tinali tikadali ndi tinthenga tofiira m'khosi topumira m'madzi, ndipo tinthengato tisanafote sitingakhale pamtunda.

Pakhomo tinali ndi chitsime chosungira madzi a padenga, kiyi wake ankakhala m'thumba la epuloni yanga. Madzi analimo ofika m'chiuno: akumwa, ophikira, ndi a kabichi wanga.

"Mlongo, ndowa zinayi patsiku. Masabata awiri okha, tiana tija tikhala titatuluka m'madzi."

"Mwapenga eti? Madzi akumwa ndikapatse abuluzi? Ukalamba wakulowani m'mutu, achimwene."

"Ukanationa tianato mmene tathinanirana pakati paja."

"Kapondeni, si ndinu ng'ombe yake?"

Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Masiku anayi a Zvane ankadzuka, kumwa khofi, n'kutsika ndi ambulera yakuda imene timapita nayo kumaliro, kukatchinga dzuwa pa kadziwe kotsalako. Tsiku lonse ali chiimire, mkono uli m'mwamba. Ine ndinkathirira kabichi ndikung'ung'udza, maso kuphiri la Učka kuti mwina kutuluka mtambo. Kunena zoona ndinkafuna mvula igwe kuti ndisagonje ndine.

Tsiku lachisanu mtima unandikana. Ndinatsegula chitsime, kutunga ndowa ziwiri, n'kutsika nazo njira yamiyala ija, msana ukulira, m'mutu ndikukonza mawu oti ndikawanyoze nawo popereka.

Ndinawapeza atakhala pamwala, ambulera atapinda. Pakati pa thamanda panali matope onyezimira, ndipo pamatopepo tiana tija, timizere takuda tambirimbiri, tosagwedezeka. Mbalame zinali zitayamba kale kutola.

Anayang'ana ndowazo, kenaka ine. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya.

"Wavutika nazo, mlongo. Bwerera nazo, kabichi angafote."

Ndinathira ndowa zonse ziwiri pamatopepo. Ming'alu inamwa madziwo ndisanaweramuke.