Belu la a Padiri Latuluka M'munda

Mwaswera bwanji nonse. Imvani zachitika kuno ku Mongue lero.

Anyamata okumba dothi la njerwa m'munda mwa Amayi agunda chitsulo ndi khasu. Kufukula, ndi belu la tchalitchi chathu chakale!

Achichepere inu simukudziwa. Titangolandira ufulu boma linalanda mishoni, a padiri achizungu aja n'kubwerera kwawo. Belu anasiyira malemu Bambo, amvekere, "Lidzaliranso." Bambo sanaulule pomwe analibisa mpaka kumwalira. Ndikukumbukira Lamulungu lililonse Amayi akusinja mtondo wopanda kanthu. Kumeneko kunali kuitana anthu kumapemphero, pansi pa mango wa kuseri uja.

Talitsuka n'kulipachika pa mtengo womwewo. Amayi ndiwo aliliza koyamba. Abale inu, dzimbiri lonse lija koma mawu ake osasintha! Posakhalitsa nkhalamba za m'mudzi zayamba kufika, zina ndi ndodo, popanda wozitumira uthenga. Zangogwada pafumbi.

Tsopano a kuparishi akufuna kulitenga lipite ku Milange. Amayi akanitsitsa, akuti, "Amene analisunga agona pompano, lizilira pompano."

Inu mukuti tiwayankhe chiyani?