Tizigoba m'Ndevu za Bwana

Tsoka silinunkha. Mayi Telala anayetsemula kamodzi kokha, ntchito ya mwezi wathunthu n'kuuluka.

Shopu yawo yosoka itagwa, mlamu wawo anawapezera ntchito yoyeserera ku kampani yofufuza mafuta apansi. Ankatsuka matope ochokera kuchitsime chimene kampaniyo inkakumba, n'kuyanika tizigoba ta tizilombo ta m'nyanja zakalekale, tating'ono ngati mchenga. Tizigobato n'timene timauza akatswiri zaka za mwala ndi mmene nyanjayo inalili.

Tsikulo bwana, wandevu zofika pachifuwa, anali ataweramira mbale ya tizigoba ta pansi penipeni. Mayi: "Etsyee!" Mbale mbee.

"Mayi, okumba akudikira yankho Lachisanu, apitirize kapena asiye," anatero bwana. "Matope ena kulibe. Likasowa yankho, inunso musowe."

Mayi analira, sindibisa. Ana awo atatu ankadalira ntchito yomweyo. Koma misozi sitola kanthu. Anatseka mawindo, n'kuuza wosesa kuti, "Achimwene, tsache lanu likalowa muno, tidana."

Mayi anagwada masiku atatu ndi kaburashi konyowa. Fumbi lililonse ankaliika pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Anapeza nyenyeswa za buledi, mwendo wa nyerere, shuga wa anthu okana kuti samwera tiyi mu labu, chipinda choyezeracho. Tizigoba ankatisanja monga ankachitira ndi mabatani, tozungulira uku, topotana uko, akufananiza ndi zithunzi za m'buku. Tinakwana mazana awiri.

Bwana anatiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Tonseti timapezeka paliponse. Tikufuna kachigoba kaminga, kokhala m'nyanja yofunda. Pansi pa mwala wake m'pamene timayembekezera mafuta."

Lachisanu m'mawa, mawondo atatupa, mayi anadzutsa maso. Malo amene sanasese anatsala amodzi.

"Bwana, pepani, ndevuzo mwasambitsa liti?"

"Mayi, ulemu!"

"Ulemu ulipo, bwana. Weramani."

Bwana, ndi madigiri ake onse, anaweramira mbale, mayi akupesa. Munagwa zambiri zimene sinditchula. Pakati pa izo panali kaminga, osati kamodzi, tinayi.

Bwana anaimbira okumba kuti apitirize. Kenako, ali chitembenukire kukhoma, anati, "Lolemba mubwere. Mpando wa pa maikulosikopu ndi wanu."

Inu amene zanu zamwazika, osataya mtima. Gwadani, tolani chimodzichimodzi, ndipo musaope kufunsa funso lochititsa manyazi.