Chitsononkho chimene ndinatsekera tanki

Mkazi wanga ndinamupha ndi chitsononkho cha chimanga. Anthu amati anafa ndi uchembere, ena amati ndi nkhondo, koma zoona zake ndikuzidziwa ndine, ndipo inu owerenga ndikufuna muzimve pakamwa panga.

Nthawi ya nkhondo ndinali ndi galimoto yakalekale ya matabwa kumbuyo, imene Mpwitikizi wina wolima fodya anaisiya pobwerera kwawo. Ndinkanyamulira mbatatesi kuchoka ku Chidzolomondo kupita ku Tsangano. Chivindikiro cha tanki chitabedwa, ndinatenga chitsononkho, n'kuchikulunga ndi mphira wa chubu, n'kukhomerera zolimba kuti mafuta a gazolina asamauluke, poti ankasowa kuposa mchere. Ndinadziona katswiri ine!

Basi matenda anayambira pomwepo. Galimoto ikayenda kamtunda inkatsokomola n'kuzima. Ukaisiya theka la ola inkaliranso bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Kabuleta ndinatsuka katatu. Bomba yokoka mafuta ndinasintha. Gazolina ndinkasefa pansalu, paipi ndinayamwa mpaka milomo kusupuka, ndipo ndinafika potukwana wondigulitsa mafuta kuti amathiramo madzi.

Tsiku lina mkazi wanga anati, "Bambo a Rozina, mukamazula chitsononkhocho tanki imalira psii ngati chigubu cha thobwa. Kodi siikubanika?" Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti asamale mapoto, za galimoto asiyire amuna.

Mimba yake yachitatu inavuta. M'mawa wina anayamba kutaya magazi, ndipo azamba anati tithamangire kuchipatala msanga. Masiku amenewo pamsewu sunkayenda wekha. Magalimoto ankatsatana mu koluna, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo koluna sinkadikira munthu. Tinamugoneka pamatumba kumbuyo, apongozi anga atamugwirira mutu, n'kulowa nawo mu koluna.

Titangowoloka mlatho woyamba, kho-kho-kho, zii! Anzathu anatipitirira, ife kutsala ndi fumbi. Udzu wautali uku ndi uku, kutsogolo chigoba cha lole yowotchedwa. Ndinamasula bomba, ndinapopa, ndinamanganso. Inalira. Sitinapite patali inazimanso. Kachitatu inazimira pachitunda, ndipo kuphiri mfuti zinayamba kulira. Mantha anandigwira, mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. Apongozi ankapemphera monong'ona. Ine ndili chagada pansi pa galimoto, magazi a mkazi wanga ankadontha m'mipata ya matabwa n'kumagwera pafupi ndi nkhope yanga.

Ndipamene ndinamva mawu ake, otsika kwambiri: "Bambo a Rozina, zulani chitsononkho."

Ndinazula. Psiii! Tanki inakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Abale anga, chivindikiro chenicheni chimakhala ndi kabowo kolowetsa mpweya. Ine ndinali nditatseka ponseponse, ndiye mafuta akamachepa m'tanki bomba inkalephera kukoka. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo sinazimenso mpaka pakhomo la chipatala. Koma maola awiri anali atathera pamsewu. Anamwino anatulutsa mwana wamoyo. Mayi wake sanafike madzulo.

Mwanayo tinamutcha Esperansa, ndipo lero ali ndi ana akeake. Akandifunsa za mayi wake ndimangoti nkhondo inali yoipa, mwana wanga. Mtima umandiwawa, chifukwa tsikulo palibe chipolopolo chimene chinatikhudza.

Inu owerenga, galimoto ikamazima n'kudzuka yokha mukaipumitsa, yambani mwatsegula tanki n'kutchera khutu musanamasule chilichonse. Ndipo amene amakhala pambali panu tsiku ndi tsiku akakuuzani zimene wamva, musamufunse kuti umakaniko anauphunzira kuti. Mkazi wanga anapeza vutolo miyezi iwiri asanamwalire, osagwirapo sipanala ndi kamodzi komwe, ndipo ine ndinamutuma kumapoto.