Mmene Ndinakonzera Njira ya Mlendo Wothamanga wa ku Faransa

Ine amene ndikulemba izi ndine sekeretariyu wa bungwe la alimi a kachewere m'dera lathu la ku Domwe, ndipo ndikufuna kuika poyera, mwaulemu wonse, mmene udindo umenewu unatsala pang'ono kundipulumuka chifukwa cha munthu wothamanga popanda womuthamangitsa. Sikola ndinalekeza panjira nthawi ya nkhondo. Kulemba ndinaphunzira ndekha ku Dedza, kumene tinathawira, pokopera makalata omatidwa pa zitseko za maofesi. Choncho karimbu ya bungwe, chidindo chimene ndimasunga m'kachitini, sindiitenga ngati chinthu chamasewera.

Chaka chimenecho bungwe linalandira mlendo wa ku Faransa, katswiri wa matenda a mbewu, bambo wamtali, wopanda mnofu, wolankhula Chipwitikizi chotsimphina ngati changa. Mmawa wake woyamba anavala kabudula wochititsa manyazi, natuluka liwiro kulowera kumadimba. Sanadziwe kuti kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Amayi ena amene ankathirira kabichi atamuona anataya ndowa, nayamba ulendo wa kumalire. Anzawo anawatsatira osafunsa. Bambo wina anatsekula khola la ng'ombe. Dzuwa likufika paliwombo, mabanja atatu anali ataima pafupi ndi Malawi, akufunsana kuti wayambanso nkhondo ndani.

Kuseka tinaseka, koma mawa lake.

Apulezidenti a bungwe ndi alamu anga, akulu awo a mayi a kunyumba kwanga, ndipo amandilankhula ngati anachita kunditola panjira. Anandiitanitsa.

"Alamu, mzungu wanu uja wathawitsa anthu."

"Si wanga, amayi Pulezidenti. Ndi wa bungwe."

"Wa bungwe yemweyo. Mumukonzere pothamanga. Akakadandaula kwa amene anamutuma, karimbu ija mubweza, ndipatsa munthu wamutu. Mwamva?"

"Zalembedwa," ndinayankha, ngakhale sindinalembe paliponse.

Ndinapita kwa mlendo kukafunsa chimene mtima wake ukufuna. Iye anatulutsa telefoni nandionetsa njira za kwawo: tinjira todutsa m'minda ya mphesa, midzi ya nyumba zamiyala, matchalitchi a nsanja zazitali, ndi milatho imene anati inamangidwa agogo a agogo ake asanabadwe. Anati kwawo amadzuka mmawa n'kudutsa midzi inayi yakalekale osaima, wotchi ya pamkono ikuwerenga. Ndinaona kuti m'zithunzi zonsezo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo ndinafunsa mosamala ngati eni midziyo anathawa. Anati ayi, amakhala m'nyumba.

"Nanga moni mumawapatsa nthawi yanji?"

Anakweza dzanja pang'ono, nalitsitsa.

"Basi?"

"Basi."

Ndinatsimikiza mumtima kuti sanamve Chipwitikizi changa.

Vuto loyamba linali la midzi yakale. Yathu tinamanganso titabwerako kothawa, ndipo nyumba yakale kwambiri ndi yamng'ono kwa mwana wanga woyamba. Tchalitchi cha ku Fonte Boa chikanamukondweretsa, koma n'kutali, ndipo njinga yanga sikanalola. Nditaganiza masiku awiri, ndinasankha midzi inayi yokhala ndi zakale izi: khoma lotsala la kantina, sitolo yakale ya Mpwitikizi, dibi la ng'ombe lokwiririka, agogo ena aamuna amene amati anaona galimoto yoyamba kulowa m'dera lino, ndi mkuyu waukulu.

Vuto lachiwiri, la kuthawa kwa anthu, ndinalithetsa ndi kalata, imene ndinalemba kanayi ndi kudinda kanayi:

"Kwa olemekezeka akuluakulu a mudzi. Mutu: Kudutsa kwa mlendo. Ndikubwera mwaulemu kudzakudziwitsani kuti Loweruka mmawa mlendo wa bungwe adzadutsa m'mudzi mwanu ali pa liwiro. Palibe womuthamangitsa, sanabe kanthu, ndipo kumene akuchokera kuli mtendere. Chonde mumulandire monga mwa mwambo."

Mawu omalizawo ndinawaonjezera chifukwa kalata inkaoneka yamaliseche popanda iwo. Apa ndikuvomera kuti dzanja linali langa.

Loweruka ndinavala jekete, ndinamanga pasita, chikwama changa cha makalata, pakaliyala, ndipo ndinatsogola pa njinga. Mlendo ankanditsatira bwino lomwe, akupuma ngati mvukuto. Tinatsika chitunda, tinawoloka kamtsinje, mpaka ndinayamba kudzitamanda.

Titakhota kulowa m'mudzi woyamba, tinapeza mipando isanu itaikidwa pakati pa msewu penipeni, amayi ali pa mphasa, kwaya itaima pamzere. Mlendo anakweza dzanja lake lija, nafuna kulambalala. Mkulu wina analigwira dzanjalo ndi manja awiri, osalisiyanso.

"Khalani pansi, bambo. Mwafika pakhomo."

Moni unayamba, mmodzimmodzi, ine ndikutanthauzira. Anafunsa za mkazi wake, za ana, za mvula ya ku Faransa, ndiponso ngati kachewere wa kumeneko amagwidwa chiwawu. Kenaka kunabwera thobwa m'kapu yaikulu. Mlendo anandiyang'ana. Ndinamulangiza, mwa udindo wanga, kuti kukana n'kutukwana. Anamwa. Wotchi yake inalira.

"Kakulira njala kameneko," anatero mkulu uja. "Muonjezereni."

Potsazikana anam'patsa nkhuku. Popeza mphatso sapatsira wina eni ake akuona, mlendo anatuluka m'mudzimo akuthamanga, nkhuku ili m'khwapa, ikudandaula pa phazi lililonse. Ndinailandira titakhota.

A mudzi wachiwiri anali atamva kale kuti anzawo apereka kapu, ndipo midzi iwiriyi siigonjerana kuyambira pa nkhani ya malire a dimba. Iwo anatulutsa jagi. Dibi la ng'ombe sitinalione n'komwe, chifukwa amayi anam'zungulira mlendo n'kumakambirana za miyendo yake.

"Inu a Sekeretariyu, m'funseni, akazi ake anam'thawa?"

"Alipo, amayi."

"Alipo n'kumayenda chonchi? Miyendo ngati mapesi! Akawauze abwere tidzawalange."

Ndinatanthauzira kuti amayi akuyamikira changu chake.

Kuchoka apo liwiro linachepa. M'mimba mwa mlendo munkamveka phokoso la chigubu chosadzaza chikakhala pa njinga. M'mudzi wachitatu agogo aja anali atavala kale jekete lawo la ku Joni. Anayamba nkhani ya galimoto kuchokera pa ukwati wa amayi awo, ndipo thobwa linabwera kawiri galimotoyo isanatulukire. Titangotuluka m'mudzimo, mlendo anandipatsira mwamsangamsanga nkhuku yachiwiri imene anam'patsa kumeneko, nalowa m'mabulugamu kukachita nkhani imene kalembedwe kaulemu sikalola kuitchula. Liwiro limene analowera m'mitengomo ndi labwino kuposa lonse limene ndinaona tsiku limenelo.

Ku mudzi wachinayi tinafika masana, mlendo atagona chagada pa ngolo ya kabichi imene inatipeza panjira. Anthu anali atadikira pansi pa mkuyu kuyambira mmawa. Bambo wina anasuzumira m'ngolomo nati, "Wothamanga uja ndi ameneyu? Koma ng'ombezi zayesetsa."

Lolemba ndinapita ku ofesi kachitini kali m'thumba, nditakonzeka kubweza. Ndinapeza apulezidenti ndi mlendo atakhala kale. Mlendo anali atachira, ngakhale maso anali atalowa. Ananena kuti zitunda zathu n'zokoma kuposa za kwawo, mphepo yake ndi yabwino, ndipo akufuna njira yomweyo Loweruka lililonse. Koma anapempha, manja ali pamodzi, kuti thobwa liletsedwe. Apo ayi, adzalembera akuluakulu ake kuti am'samutsire kwina.

Ndinatulutsa cholembera kuti ndiyambe kalata yoletsa.

"Bwezani m'thumba chimenecho, alamu, chatipweteka kale," anatero apulezidenti. "Mukauze midzi inayi kuti thobwa lawo talikana? Adzabweranso ndani ku msonkhano? Thobwa likaphikidwa, wa bungwe ayenera kumwa."

Anandiyeza ndi maso kuyambira kukhosi mpaka pa lamba.

"Mzungu azidutsa ndi kadzanja kakeko. Inu muzibwera pambuyo, muzikhala pa mpando, muziyankha moni m'malo mwake, muzimwa m'malo mwake. Midzi yonse inayi."

"Amayi Pulezidenti, ndikupempha kuti zilembedwe kuti a mudzi wachiwiri amapereka jagi."

"Jagi kapena karimbu. Sankhani, alamu, tili ndi zina zokamba."

Ndinasankha jagi.

Anthu anavomera dongosololi mosavuta, chifukwa kutuma munthu kukuimira pa mwambo n'chinthu chodziwika. Mlendo akamadutsa, ankamuombera m'manja n'kumafuula kuti, "Pitani, bambo, mimba yanu ikubwera pa njinga!" Ine ndinkafika, kukhala pansi, n'kufotokoza kuti akazi ake ali bwino ndi kuti ku Faransa mvula yagwa, ngakhale za mvulayo ndinkangoganizira. Nkhani ya galimoto ndinaimva kasanu ndi kawiri, ndipo galimotoyo inafika kamodzi kokha.

Mlendo anatha nyengo yake nabwerera kwawo osalemba dandaulo lililonse, ndipo pa msonkhano wotsatira ndinasankhidwanso popanda wotsutsa, popeza panalibe wina amene anafuna udindo wokhala ndi ntchito yoteroyo. Popanda china choonjezera, ndalemba zimene ndinaona ndi zimene ndinamwa.