Tinakapepesa Maliro ku Glencoe

Mapepala a ulendo umenewo ndikadali nawo onse m'fayilo yobiriwira pamwamba pa wadirobu, kuno ku Govanhill mumzinda wa Glasgow: kabuku ka zithunzi za mapiri, mapu, ndi pepala la ndondomeko limene ndinagawira aliyense wa mumpingo wathu. Ndikunena izi kuti wina asadzati ndondomekoyo inali yopanda mutu. Inali bwinobwino. Anaisokoneza ndi anthu.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje koma sindinalikwerepo. Ndili mnyamata ndinkangoti ndidzakwera, ndipo pamene ndinkafunadi kutero, mawondo anali atayamba kale kukana. Tsono nditaona m'kabukuko kuti kufupi ndi Fort William kuli timabokosi tagalasi tolendewera pachingwe, timene eni ake amati gondola, tonyamula munthu ali chikhalire mpaka kumtunda kwa phiri, ndinati basi, Mulungu wandikumbukira. Ndinapempha mpingo kuti tikaone mapiri, anthu n'kuvomera. Tisananyamuke ndinaimirira m'basi n'kunenetsa kuti gondola amatseka madzulo ndipo sadikira munthu.

Dalaivala wathu anali mzungu wa ku Springburn, bambo waimvi wokonda kucheza pa maikolofoni. Anatisonyeza nyanja ya Lomond, kenako chidambo chachikulu chopanda mitengo, mpaka tinalowa m'chigwa cha Glencoe. Kukongola kwake sindikutsutsa ayi. Mapiri akuda atatu ataima moyandikana, madzi oyera akutsetsereka m'mbali mwake. Pepala langa linkati pano titsike, tijambule, tibwerere m'basi.

Koma bambo uja anayamba kufotokoza mbiri. Kalekale, anatero, m'nyengo yozizira kunabwera asilikali m'chigwachi. Eni mudzi anawalandira, kuwapatsa pogona, kudya nawo mbale imodzi kwa masiku ndithu. Tsiku lina mbandakucha, alendo aja anadzuka n'kuyamba kupha amene anawasungawo. Ena othawira kumapiri anafa ndi chisanu.



"Alendo?" anafunsa mayi wina, namwino wamkulu wa ku Partick, amene akayankhula mumpingo mwathu nkhani imatha. "Atadya?"

"Atadya," anayankha dalaivala. Kenako anawonjezera ngati moseka kuti mayi ake omubala anali a fuko lomwelo la ophedwawo.

Pamenepo ndiye ndinadziwa kuti ndondomeko yanga yalowa m'madzi. Kwathu munthu sadutsa pamaliro ngati akudutsa pamsika, ngakhale wapanjinga amatsika. Amayi anatsegula zikwama, zitenje n'kutuluka, ndipo sindikudziwa kuti anazitengeranji paulendo wokaona mapiri. Anazimanga pamwamba pa majekete n'kukhala pansi pa udzu wonyowa, miyendo atatambasula.

"Amayi," ndinatero, "maliro amenewa ndi a zaka mazanamazana zapitazo!"

"Inu munabwerapo kudzapepesa, achikulire?" anandifunsa namwino uja.

"Ayi, koma gondola..."

"Vulani chipewa, abambo," anatero akazi anga osandiyang'ana n'komwe. "Ndinu mkulu wa mpingo. Mawu a chipepeso anena ndani?"

Amayi aja anayambitsa nyimbo ya maliro, yaitali ija, osadumphako ndime. Anamukhazika dalaivala pamwala ngati namfedwa, abambo tikudutsa mmodzimmodzi kumugwira chanza, uku tagwira chigongono, tikuti pepani. Poyamba ankaseka, akuyang'ana uku ndi uku ngati wofuna womulanditsa. Ana athu obadwira kuno anabisala kuseri kwa basi, akung'ung'udza m'Chingerezi chawo cha ku Glasgow chimene ine ndimangotolamo mawu amodziamodzi. Alendo ena a m'basi ina anasiya mapiri n'kumajambula ifeyo.

Ndinayankhula. Ndinkafuna kudula mwachidule, koma munthu ukayamba mawu a pamaliro sungawasiyire panjira. Ndinati mlendo wodya nawe n'kukupha wapha ndi mudzi womwe. Ndinati ife amene tinalandiridwa m'dziko lino nkhaniyi yatilasa. Nditamaliza ndinaona bambo uja akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Amayi anamusenzetsa mandasi onse otsala, poti namfedwa sasiyidwa ndi njala, ndipo anadikira kuti adye.

Titafika pa gondola tinapeza atatseka. Timabokosi tija tinali lende m'mwamba, topanda munthu. Ndinaima pachipata mapu ali m'manja. Ogwira ntchito pamenepo sanalakwe. Nthawi inalembedwa m'kabuku, ndipo ine ndinaitchula m'basi. Njira yonse yobwerera ndinkangoyang'ana pepala langa, pamene kumbuyo kwanga ankaimba ngati ulendo wayenda bwino. Akazi anga anangoti, "Phiri silisamuka, abambo."

Patapita milungu ingapo, Loweruka lina m'mawa, belu la pakhomo linalira. Nditasuzumira pawindo ndinaona dalaivala uja ataima pafupi ndi kagalimoto kake. Adiresi anaipeza papepala langa la ndondomeko lomwe lija, zimene zikusonyeza ubwino wolemba zinthu mokwanira.

"Akulu," anatero, "namwino uja anandiuza kuti kwanu opepesa maliro amathokozedwa. Valani jekete lochindikala. Ndipo lero pa Glencoe sitiima."

Titafika, tinakwera gondola atatu, ine, iye ndi akazi anga. Kabokosi kanagwedezeka n'kunyamuka, mitengo n'kutsala pansi pa mapazi athu. Akazi anga anandigwira mkono akuitana dzina la Yesu. Kumtunda kunali nkhungu ngati chiperoni cha kwathu, kenako inang'ambika pang'ono, ndipo ndinaona nyanja, nkhalango ndi mapiri ena kuseri kwa mapiri. Mawondo anga sanadandaule ngakhale pang'ono.

Tikiti ya tsiku limenelo ili m'fayilo momwemo. Namwino uja mpaka lero amauza anthu kuti ndinakwera phiri chifukwa cha iye. Ine ndimati tikanatsatira pepala langa, tikanakwera mpingo wonse.