Mbuzi za Ukwati wa Esinati Zafera M'njira

Abale, mbuzi za ukwati wa Esinati zafika ku Limbe masana ano, koma zambiri zafera m'njira.

Lole inanyamuka ku Nsanje dzana n'kuwonongeka pachikweza cha Thabwa. Makaniko anachita kuchokera kuno ku Blantyre. Nthawi yonseyo dalaivala anali ataziphimba ndi tenti, kuopa apolisi apamsewu, ndipo sanazipatse madzi.

Titavundukula tentiyo, zamoyo zinali zitaimirira pamwamba pa zakufa, osalira n'komwe. Atsibweni anangovula chipewa n'kunena kuti, "Nthawi ya Chitaganya tinkazikweza sitima ku Chiromo, zinkafika kuno zikubzikula."

Ukwati ndi Loweruka lino ku Chimwankhunda, ndipo ndiwo tinalonjeza ndife. Akuchimuna akubwera mawa kudzaona mbuzizo. Tiwauziretu lero, kapena adzaone okha?